Chikole cha boma sichibwerera

Inu owerenga, ine ndinagonekapo ana anga m'nyumba yopanda denga, mvula ili pakati, chifukwa cha liwu limodzi lomwe ndinkati ndikulidziwa. Liwulo ndi chikole. Mpaka lero ndikalimva mtima umagunda ngati ndaponda njoka.

Ndiyambire kutali pang'ono. Ndili mtsikana kwathu kufupi ndi Chitakale, mnyamata wina anandipatsa duku ndi ndolo ngati chikole. Atapita ku Joni n'kutchona, amalume anakulunga duku ndi ndolo zija n'kukabweza kwa makolo ake. Kwathu ndi mmene zinkakhalira, chibwenzi chikatha chikole chimabwerera kwa mwini wake. Ndinakula ndikudziwa zimenezo basi.

Tsono m'zaka zija za chipani chimodzi, ndili ndi ana anga kale, boma linapereka ndalama ku bungwe lina kuti lizithandiza anthu oyamba timabizinesi. Kunabwera mayi wina wa bungwelo, wamagalasi, natisonkhanitsa amayi pabwalo la sukulu. Anati zinanazi zomwe zinkangowolera m'minda zitha kukhala jamu wa m'mabotolo, ndipo mpamba wogulira mapoto, shuga ndi mabotolo atipatsa. Ine ndinali woyamba kukweza dzanja.

Atafika pakhomo panga anandifunsa kuti, “Mayi, chikole chanu n'chiyani?” Ndinasangalala. Mumtima ndinati boma likufuna tipange ubale, ndiye ndisalichititse manyazi ndi nkhuku. Ndinaloza malata a nyumba yathu. Malata amenewo amuna anga, bambo a Esinati, ankagula limodzilimodzi ndi ndalama zothyola tiyi ku esiteti, n'kumasunga pansi pa kama mpaka anakwana.

Mayi uja anandiyang'ana nati, “Koma mwamvetsa bwino?” Ndinavomera. Masiku amenewo wofunsa anali wa boma, ife tinkangoyankha. Ngakhale pamsika sunkalowa usanaonetse khadi la chipani. Komanso ndikanafunsa chiyani? Jamu akayenda, malata ndi anga. Akapanda kuyenda, chikole chibwerera kwa ine. Ndinadinda chala. Nditawauza bambo a Esinati anangoseka, amvekere, “Boma lakufunsirani mbeta? Nanga ine ndilowere kuti?”

Poyamba jamu anayenda, mwini golosale wina pa Chitakale ankamutenga. Koma dzuwa litakula, zivindikiro zinayamba kutupa. Mabotolo anaphulikira pa shelefu, golosale yonse kumanunkha ngati pophikira kachasu, ndipo mwiniwake anandibwezera otsala onse. Bizinesi inafera pomwepo.

Ine sindinade nkhawa kwenikweni. Ndinachita monga anachitira amalume: ndinatsuka mapoto ndi mchenga mpaka mbee, ndinamanga mabotolo m'chitenje, n'kusenza mpaka ku Boma kukabweza mwaulemu, kuti ubale watha koma chidani palibe. Mayi wamagalasi anagwira pakamwa. Anayankhula zambiri za ngongole ndi masiku, koma ine ndinkangoti ndi mawu a munthu wokanidwa. Ndinasiya katunduyo pakhonde n'kubwerera.

Inu anthu, mmawa wina mvula itayamba, panaima lole pakhomo. Munatsika amuna ndi makwerero ndi nyundo, wapolisi ali pambuyo. Ndinawayalira mphasa poganiza kuti abwera kudzatsanzika. Ndinangomva msomali woyamba ukulira kwii pamwamba pa mutu wanga. Ndinakuwa kuti chikole chimabwerera kwa mwini wake, koma wina ali padenga anayankha osatembenuka, “Icho ndi cha ukwati, amayi. Cha ngongole chimapita.”

Sindinalire. Ndinangoima kukamwa kuli yasa, ndikuona kuwala kukulowa m'chipinda momwe ndinaberekera ana anga. Anzanga anaima kuseri kwa nthochi, poopa wapolisi uja. Esinati ankathamanga ndi mabulangete osadziwa koika.

Bambo ake anafika kuchokera ku esiteti dengu la tiyi lili kumsana. Analowa m'nyumba, nayang'ana kumwamba, phiri likuonekera pakati pa mitengo ya denga. Ndinadikira kumenyedwa khofi kapena mawu oti ndizipita, koma anangoti, “Ine ndinakupatsani duku. Inu boma mwalipatsa denga.” Za malata sanatchulenso mpaka imfa yawo, ndipo kukhala chete kumeneko kunandipweteka kuposa ndodo. Tinafolera ndi udzu wopempha. Anamwalirira pansi pa udzu womwewo, munthu amene anathyolera malata tiyi mpaka msana kupindika.

Sindikuti mabungwe othandizawa ndi oipa ayi. Anzanga awiri anatukuka nawo, wina mpaka anagula makina osokera. Mayi uja anandifunsa ngati ndamvetsa, ine ndinayankha ndi mutu. Koma inu amene mukuthamangira mpamba lero, liwu lachilendo silivuta, poti umafunsa. Loopsa ndi lija unakula nalo, likavala jekete n'kulowa mu ofesi. Akanena chikole, musachite manyazi, funsani kuti zikavuta chinthucho chigona kwa yani. Ndipo musanaloze kanthu, itanani amene anakakhetsera thukuta adzamve yankholo ndi makutu ake.