Dzanja Litafika Khutu

Ine mawu ndinabadwa nawo. Ndikaitana munthu ndili kumunda ankayankha a tsidya lija la dambo, ndipo pamaliro ankaimika ine kuti ndilengeze, chifukwa ena onse ankamveka ngati udzudzu. Sindikudzitama ai, funsani amene atsala ku Mkaika. Kulemba kokha ndiko ndinakupeza mochedwa, ndevu zili kale mbuu, choncho mukaona zilembo zikutsimphina musaseke. Ndikufuna kunena za mwana wanga woyamba, wamwamuna, ndi mmene pakamwa pangapa panandilanditsira mwanayo.

Ndinakwatira chikamwini, kumudzi kwa mkazi wanga. Mwana anabadwa chaka chachiwiri, ndipo kukula kwake koyamba ndinakuona ndi maso angawa. Potuluka m'chikuta anali wofiira ngati mwana wa mbewa. Liwombo linatseka pa nthawi yake. Anakhala, anakwawa, tsiku lina anagwira mtondo n'kuimirira. Mano anayamba ndi apansi, monga ayenera kutero. Mawu oyamba kutchula anali akuti "tate", ngakhale amake anatsutsa mpaka imfa yawo, ankati mwanayo ankaitana nkhuku.

Atangoleka kuyamwa kunabwera nkhondo ya azungu, anatigwira utengatenga. Ndinasenza katundu wa eni ake mvula zitatu. Kumeneko ndinaona chinthu chimene sichinandichoke m'mutu. Kapitao amene ankaitana mayina athu papepala sankasenza kanthu. Ife misana yonyuka, mapazi ong'aluka, iye pensulo pakhutu, akuyenda manja lendelende. Ndinalumbira kuti wanga adzakhala wa pensulo, katundu watha ndi ine.

Pobwerera ndinapeza mwana yemwe uja ndinamusiya, msinkhu womwewo. Mutu wokha ndiwo unakula. Amake anati kunali njala, kenako chifuwa chija chinatha anthu chinamugwira, ndipo anabwerera pakhomo pa manda. Nzeru zinalipo, zambirinso. Mbuzi za m'mudzi monse ankazidziwa ndi eni ake. Koma timanja tinali tatifupi ngati ta chule.

Sukulu ya amishoni inali tsidya la mtsinje, chisakasa cha udzu, mipando yake mitengo yogoneka. Masiku amenewo zaka zobadwa palibe ankazisunga, ndiye muyeso unali khutu. Mwana ankaima chilili, n'kudutsitsa dzanja lamanja pamwamba pa mutu, pakati penipeni, kuti agwire khutu la kumanzere. Akagwira, dzina m'buku. Akalephera, kunyumba. Lamulo limeneli linadza chifukwa tiana tating'ono tinkavuta kuwoloka mtsinje nthawi ya dzinja, kamodzi kanatsala pang'ono kupita ndi madzi.

Ndinapita naye nditavala malaya anga a kunkhondo. Anzake obadwa naye limodzi anagwira onse. Wanga anatambasula, anatukula phewa, lilime panja, zala zinathera pamwamba, khutu likadali kutali ngati zala ziwiri zopingasa. Ndinauza aphunzitsi, munthu wamfupi wofatsa, kuti mwanayu waguluka mano anayi, ndinamuona ndekha akuwaponya padenga, wayambanso kugona kugowelo ndi anyamata anzake, mvula zake ndi zisanu ndi zitatu.

"Sindiwerenga mvula, bambo," anatero. "Anandiuza kuti ndiwerenge khutu."

Ndinakalipa mpaka ana anabisala kuseri kwa chisakasa. Aphunzitsi anadikira kuti ndimalize, n'kundiuza kuti ndibwere naye chaka chamawa.

Zimene ndinachita pambuyo pake ndizinene, manyazi anatha kale. Ndinamumeta mpala kuti tsitsi lisadye malo. Ndinkamupaka mafuta a nsatsi paphewa. M'mawa uliwonse ndinkamulendeweretsa pa nthambi ya msuku, ine ndikuwerenga mpaka makumi awiri, iye akulira chamumtima. Sileti ndinagula pasadakhale, ndinasinthanitsa ndi tambala wanga wofiira, n'kuisomeka kudenga. Mwanayo atatopa nazo anatulukira nzeru yake. Ankapendeketsa mutu pang'ono, dzanja n'kulizembetsa chakumbuyo. Chaka chachiwiri tinayesa zimenezo. Aphunzitsi anangomugwira chibwano n'kumuwongola, khutu linathawa. Sanatinyoze, koma ana anaseka, ndipo tsiku limenelo mwana wanga anayenda patsogolo panga njira yonse osatembenuka.

Tsopano ndinene za alamu anga, mlongo wake wa mkazi wanga, atsibweni a mwanayo. Kwathu mwana si wa bambo. Mwini mbumba ndi mtsibweni, iwe mkamwini ntchito yako ndi kulima ndi kubereka. Alamu angawo ankakhala cha ku Vubwi, ulendo wa masiku atatu, ali ndi mbuzi zambiri ndi munda wa m'mphepete mwa phiri umene anyani ankaukonda. Ana awo anali aakazi okhaokha. Nthawi zonse akabwera ankamuyang'ana mwana wanga, kumutsina mkono, n'kunena kuti akadali wanthete, akakhwima adzamutenga akawathandize. Kukwinimbira kwake ndiko kunkamusunga pakhomo panga, ine osazindikira.

Amake ndiwo anazindikira. Anandiuza tili kumunda kuti tsiku limene dzanja lidzafike ndisadzauze munthu. Ndidzangodzuka naye m'mamawa, dzina likalowe m'buku. Anati achimwene awo saopa munthu, koma buku la azungu amaliopa, dzina likalembedwa sadzalimba mtima kukalichotsa. Ndinati ndamva. Ndinatinso iwo asandiphunzitse kusunga chinsinsi ngati ndine mwana.

Dzanja linafika chaka chachitatu, titangokolola. Alamu anali m'mudzi, anabwera kudzaona mbumba yawo, ndipo masana amenewo anali pa mowa kunyumba ya kumapeto. Ine ndinali pakhonde ndikusema mpini. Mwana anabwera, anangoima patsogolo panga mutu uli chilili, n'kukweza dzanja. Chala chapakati chinagwira nsonga ya khutu. Ndinamuuza abwereze. Chinagwiranso. Ndinamugwira chibwano monga ankachitira aphunzitsi. Chinagwira.

Abale, sindinaganize. Mpini unagwa, ndinapezeka ndaima pabwalo ndikufuula kuti lafika, dzanja lafika khutu, abwere aone amene ankati mwana wanga ndi kachule. Nkhuku zinabalalika. Amake anatuluka m'nyumba chipande chili m'manja, anandiyang'ana kamodzi kokha, n'kubwereranso m'nyumba. Pamenepo ndi pamene ndinakumbukira, koma mawu anali atafika kale kunyumba ya kumapeto.

Alamu anabwera osafulumira. Anauza mwanayo kuti awaonetse. Iye, posadziwa kanthu, anaonetsa mokondwa, kawiri.

"Zikomo alamu, mwatiuza," anatero. "Dzanja logwira khutu ligwiranso ndodo ya mbuzi. Mkucha ndinyamuka naye."

Ndinati mwanayu akupita kusukulu mawa, sileti ili kudenga.

"Sileti ndi yanu, ikhale. Mwana ndi wathu. Tambala wobwereka sawerenga anapiye, alamu."

Anthu anaseka, ena anayang'ana pansi. Ine ndinalankhula, ndipo ndikati ndinalankhula mudziwe kuti anamva a midzi itatu. Ndinatchula msana wanga, mvula zitatu za katundu, munda umene ndinawalimira makolo awo. Palibe ananditsutsa. Anangodikira, monga mmene anthu adikira mvula ya mkuntho pansi pa mtengo. Nditatha mpweya, apongozi anga aamuna, amenenso anali mkamwini m'mudzimo mpaka kukalamba, anandikoka pambali n'kunong'ona kuti ndikapitiriza adzandimangira mphasa ndi khasu langa, ndibwerere kwathu, ndipo ndidzataya ndi ana enawo. Anandikumbutsanso kuti chaka chapitacho ine ndemwe ndinakachotsa mwana wa mlongo wanga kwa bambo ake, kuti akalere azakhali. Zinali zoona. Tsiku limenelo bambo akewo sindinawafunse n'komwe.

M'mawa ndinafuna kuzemba naye, koma mwana anagona kunyumba imene anagona atsibweni ake, ndipo chitseko chimenecho mkamwini sagogoda. Ndinawoloka ndekha. Ndinapempha aphunzitsi kuti alembe dzina, mwanayo ndidzabwera naye. Aka kanali koyamba kulankhula nawo motsitsa. Anati sangalembe khutu limene sanalione. Anatinso ngakhale atalemba, nkhani yamveka kale, ndipo iwo akayambana ndi eni mbumba, mawa chisakasa chidzatsala ndi mitengo yokha. Anandiperekeza mpaka pamtsinje. Ndi munthu wabwino anali, ndinamuda zaka zambiri popanda chifukwa.

Amake sanalire pamaso pa anthu. Anamukazingira chimanga ndi nsawawa, anamumangira pa kansalu. Kwa ine sanalankhule masiku ambiri, ndipo atayamba kulankhula, za tsikulo sanazitchule mpaka kalekale. Tsiku lonyamuka, mwana ndi atsibweni ake ndinawaperekeza mpaka pamphambano. Mwanayo anandifunsa ngati ku Vubwi kuli sukulu. Ndinati ilipo. Ndinanama, kumene ankapitako kunalibe. Atayenda pang'ono ndinamuona akukweza dzanja pamutu, kuyesa ngati likufikabe.

Ndinkapitako kamodzi pachaka, chilimwe. Sankamuzunza ai, ndisawanamizire alamu, afa kale. Ankadya bwino, anakula, anandipitirira ndi msinkhu. Mawu anasintha ine kulibe. Kudambwe anamulowetsa ine osauzidwa, ndinangoona kuti wayamba kundipatsa moni atakhala patali, ngati mlendo. Nditamutchulira za sukulu anaseka, anati angakhale bwanji pa mtengo umodzi ndi tiana ta mamina.

Sileti inakhala kudenga mpaka inada ndi mwaye. Ana otsatira anali aakazi awiri, za iwo ndi nkhani ina. Chaka china ndinaitsitsa, ndinaipukuta, n'kupita nayo ku kalasi ya akuluakulu imene aphunzitsi omwe aja ankaphunzitsa ofuna ubatizo. Polowa anandifunsa moseka ngati ndigwire khutu. Sindinaseke. Zilembo zimene mukuonazi ndinazitola kumeneko, theka, zina zinandikana.

Mwanayo atamera ndevu anapita ku Halale ndi anzake, kukasenza matumba a fodya pa famu. Patapita nthawi kunabwera kalata. Ndinaitsegula ndekha, sindinafune kuti wina andiwerengere. Ndinatha tsiku lonse ndikuloza ndi chala. Inati ali bwino, msana wokha ndiwo umavuta, ndipereke moni kwa amake ndi kwa atsibweni. Pansi panali mawu akuti wolemba ndi kapitao wa pafamupo, mwini kalata waika chala. Chalacho chinalipo, chakuda, chachikulu. Amake anafunsa kuti walemba yekha kodi. Ndinayankha motsitsa kwambiri, mpaka anandifunsa kachiwiri.