Nsimbi Imene Sisi Inga Anakana

Chizindikiro choyamba chinali kapundu kofiira kumbuyo kwa ntchafu, kongofanana ndi polumidwa ndi udzudzu. Linali Lolemba m'mwezi wa Januwale, patatha zaka zinayi Zimbabwe italandira ufulu. Sisi Inga anandionetsa tili pa chitsime chimene tinkakumba mu komboni ya pulazi yathu kufupi ndi Karoi, kenako anangoseka n'kupitiriza ntchito.

Ine ndine Esinati, wobadwira pa pulazi ya fodya, makolo anga ochokera ku Dedza. Sisi Inga anali mzungu wa ku Sweden amene bungwe lawo linawatumiza kudzatithandiza kukumba zitsime ndi kumanga zimbudzi. Ine ndinali wowamasulira Chichewa ndi Chishona.

Mayi ameneyu ankandidabwitsa tsiku ndi tsiku. Azungu amene tinkawadziwa ife anali ndi wophika, wochapa ndi wosita. Iwo ayi. Sadza, nsima ya kuno, ankadya ndi manja, madzi akumwa ankawiritsa ngati akufuna kusosola nkhuku. Nditapempha kuti ndiziwasitira zovala, anakanitsitsa, amvekere, "Esinati, dziko lamasuka. Sindinabwere kuti munthu azindisitira." Ankachapa okha, kuyanika pa udzu kuseri kwa nyumba, n'kuvala zili makwinya okhaokha. Ine ndinkati mwina kwawo ndiye kutchena kwake.

Pofika Lachinayi timapundu tinali tisanu, titasanduka zithupsa, chilichonse ndi kabowo pakati. Anati akumva ngati m'kati mukuyenda kanthu. Apo ndinadziwa. Nthawi ya mvula pali ntchentche imene imaikira mazira pa zovala zoyanikidwa pansi. Ukavala osasita, timphutsi timaboola khungu n'kumakulira momwemo. Mu komboni palibe wosadziwa zimenezi. Koma ine pakamwa ndinatseka. Ndikanayambira pati kuuza mzungu wophunzira, wotiphunzitsa ukhondo, kuti ali ndi mphutsi m'thupi? Manyazi anandigwira. Iwo poganiza kuti ndi zithupsa wamba, anayamba kufinya ndi kuboola ndi singano.

Lamlungu pochokera ku tchalitchi ndinawapeza akunjenjemera, thupi lili moto, ntchafu itatupa, mwanabele atatuluka. Mantha anandigwira zedi. Lolemba mamawa tinakwera lole ya pulazi kupita ku chipatala cha ku Karoi.

Tinatenga khadi n'kukhala pa benchi. Anthu ankasuntha kuti mzungu adutse, iwo n'kukana, choncho tinadikira mpaka dzuwa litafika pamutu. Nesi, mayi wachishona wachikulire, atangoona anati, "Maiwe! Amakusitirani zovala ndani?" Anayang'ana ine. Ndinangowerama. Anamata mafuta odzola pa mabowo aja kuti mphutsi zisowe mpweya, ndipo tinadikira. Patapita kanthawi timitu tinayamba kusuzumira. Zinayi zinatuluka zamoyo, zoyera ndi zonenepa. Ine ndinatembenuza nkhope, koma Sisi Inga, thupi likutentha chomwecho, anapempha kabotolo kuti asungemo imodzi aiyang'anitsitse bwino. Koma mzungu uyu!

Yachisanu inali itafera m'kati chifukwa cha singano ija, ndiyo inawoletsa bala. Dokotala anajambula mzere ndi bolopeni kuzungulira potupa paja, nati, "Matendawa akulowa m'magazi. Kutupaku kukapanda kuphwa pofika Lachinayi, tikutumizani ku Harare." Tonse tinkadziwa kuti akapita ku Harare bungwe lawo liwabweza kwawo, ndipo chitsime chathu chikhala dzenje chabe, ana n'kumamwabe madzi a mu damu la ng'ombe.

Anawagoneka m'chipatala. Ine ndinkakwera basi m'mawa uliwonse kukawadikirira. M'wodi tsiku linkayenda chimodzimodzi: kuyeza kutentha kwa thupi, jekeseni, kutsuka bala, tiyi, kenako kudikira dokotala. Tikatero maso athu onse pa mzere uja. Lachiwiri kutupa kunali pomwepo. Lachitatu kunadumpha mzere ngati mulifupi mwa chala.

Tsiku limenelo ndinalephera kupirira. Ndinagwada m'mbali mwa bedi n'kuwauza kuti ndinadziwa kuyambira Lachinayi lija, koma manyazi anandimanga lilime. Ndinkayembekezera kuti akalipa. Koma iwo anangofunsa, "Ndiye n'chifukwa chake mumasita ngakhale matewera a ana?" Ndinavomera. Anati, "Miyezi yonseyi ndimaona zimenezo n'kumati ndi khalidwe limene atsamunda anakusiyirani. Sindinafunsepo." Ine misozi ili mbwee ndinati, "Safunsa anadya phula, Sisi." Anaseka mpaka nesi anatidzudzula.

Lachinayi m'mawa dokotala anavundukula nsalu, nayang'ana nthawi yaitali. Kutupa kunali kutabwerera m'kati mwa mzere. Anangoti, "Harare adikire." Anawatulutsa patatha masiku asanu ndi anayi.

Kodi mukuganiza kuti anandilola kuwasitira? Ayi ndithu. Anabwereka nsimbi yanga ya makala n'kunena kuti ndiwaphunzitse. Anawotcha mabulauzi awiri asanadziwe kuyesa kutentha ndi malovu pa chala. Chitsime tinachimaliza mvula itasiya, ndipo tikutungabe mpaka lero. Iwo anabwerera kwawo patapita zaka zitatu ali ndi zipsera zisanu, mwendo ukuyenda bwinobwino, ndipo makalata awo amati ali ndi thanzi.

Tsono abale anga, chotupa chikayamba kutentha musachiboole ndi singano, pitani ku chipatala msanga. Ndipo mukaona matenda pa mnzanu, kaya ndi mlendo, kaya ndi wophunzira kukuposani, nenani tsiku lomwelo. Zipsera zinayi pa mwendo uja ndi za ntchentche. Chachisanu, chachikulu chija, ndi changa.