Penti ya Amayi Kunsi kwa Kamera

Ku koleji ndinakhalako chaka chimodzi ndi theka, ndipo ndinachokako mwaulemu, popanda wondithamangitsa ndi ndodo. Ndinatulukako ndi zinthu ziwiri: Chingerezi choopsezera makondakitala, ndi kamera. Kamerayo ndinaigula nditagulitsa foni yanga yabwino, n'kutsala ndi kafoni ka mabatani. Ndinkajambula maukwati ku Balaka, ndipo pachikwangwani changa ndinalembapo kuti ndimajambula m'dziko muno ndi kunja komwe. Kunjako ndinali ndisanapondeko.

Amene anandituma kunja ndi amayi anga. Amakhala kufupi ndi Nsanama, ndipo chaka chimenecho miyendo inali itawakana. Ulendo wawo wautali unali wochoka kuchipinda kufika pakhonde. Akulu awo, omwe ife timati amayi aakulu, anakwatiwa ku Mozambique ine ndisanabadwe, m'mudzi momwe foni siigwira. Uthenga woti akudwala unabwera ndi wogulitsa nsomba zouma.

"Upite ukandijambulire achemwali anga," amayi anatero. "Ndione nkhope yawo akadali moyo. Suja umati umajambula ndi kunja komwe?"

Kwathu chiwiya sichituluka pakhomo chopanda chizindikiro. Mbale, mapoto ndi zidebe zikamapita kumaliro kapena ku sadaka, mayi aliyense amazipaka penti kunsi kuti zibwerere kwawo. Chizindikiro cha amayi ndi madontho atatu abuluu. Ine ndili kumsika kugula shuga ndi sopo wopita naye kwa odwala, iwo anakoka chikwama changa, n'kutembenuza kamera, n'kupeza posalala pomwe panali kapepala konyezimira. Anadonthezapo madontho atatu onenepa, omwe anakumana n'kusanduka dziwe.

"Ukupita kwa eni," anatero nditabwera. "Tsopano siisowa."

Ndinaseka. Ndinawathokozanso.

Popita, pachipata cha m'malire anangodinda kapepala kanga kodutsira. Za m'chikwama sanandifunse, nanenso sindinanene. Zoti katundu wodula umamulembetsa potuluka kuti pobwera asaoneke ngati wogula kunja, phunziro limenelo mwina linali la chaka chachitatu.

Amayi aakulu ndinawapeza pamphasa, atachepa ngati mwana. Anakana kujambulidwa mpaka atamanga mpango wawo wa pa Idi. Ndinawasuntha katatu, odwalawo, pofunafuna kuwala kwabwino. Ndinajambula mpaka batire inatha, ndipo m'mudzimo magetsi mulibe.

Pobwera ndinagwa m'manja mwa bambo wina wa kasitomu, woona za msonkho pachipatapo, wa magalasi, wolankhula motsitsa ngati wopepesa maliro. Anatsegula chikwama.

"Ichi mwagula kuti, achimwene?"

"Konkuno, bwana. Ndinapita nacho."

"Munalembetsa potuluka?"

"Iyayi."

"Lisiti?"

Lisiti ndinali nalo, ndipo ndinalipereka ndi manja awiri ngati satifiketi imene ndilibe. Anawerenga nambala ya kamera yolembedwa pamenepo, n'kutembenuza kamerayo kuti afananitse. Anayang'ana nthawi yaitali. Anavula magalasi, n'kuwavalanso.

"Nambala ili pati?"

"Ili pansi pa pentiyo."

"Anapaka ndani?"

"Amayi."

"Amayi anu amagwira kukampani yopanga makamera?"

Mayi wina amene anali kumbuyo kwanga ndi mtolo wa zitenje anasuzumira. "Penti yabuluu? Ife timaika mzere wofiira. Musiyeni mwanayu, bwana, ali ndi amake omukonda."

"Mayi, ndikumva," anatero bamboyo. "Kwathunso akazi anga anapaka ngakhale wailesi. Koma nambala imabisidwa ndi anthu a mitundu iwiri, akuba ndi amayi, ndipo pafomu yangayi malo a amayi palibe."

Ndinatenga kiyi n'kuyamba kupala. Penti inachokadi, pamodzi ndi theka la nambala.

"Siyani, achimwene, mukudzikumbira manda."

Apa ndiye ndinatsegula Chingerezi. Ndinafotokoza za ufulu wa nzika, za luso, za achinyamata odzilemba okha ntchito. Bamboyo anamvetsera mpaka kumapeto akulemba, kenako anandipatsa pepala loti kamera yatsala. Ndikabwere ndi kalata yochokera kusitolo kumene ndinaigula, yotsimikiza kuti ndi yomweyo. Panja galimoto ya ku Liwonde inali kuliza hutala. Ndinatola pepalalo n'kutuluka mwaukali, monga amatulukira anthu ophunzira.

Tinali titayenda mtunda ndithu pamene ndinakumbukira kuti kakhadi kosunga zithunzi kanali m'kamera momwemo. Ndikanangopempha akanandipatsa. M'mawu onse amene ndinalankhula paja, chimenecho chokha sindinachitchule.

Amayi ndinawapeza pakhonde atavala magalasi obwereka kwa aneba.

"Zili kuti?"

Ndinafotokoza za fomu ndi za kalata. Za penti sindinanene.

"Ndiye undiuze pakamwa," anatero akuvula magalasiwo. "Mpata wa m'mano uja akadali nawo?"

"Sanaseke."

"Nanga chipsera cha pachibwano? Ndinawagenda ndine tili ana, tikulimbirana masuku. Chikuonekabe?"

Sindinadziwe. Ndinkadziwa kuti kuwala kunkachokera kumanzere, kuti mpango unali wobiriwira, ndi kuti khoma la kumbuyo linali ndi mng'alu umene unkandisokoneza. Masiku awiri ndinakhala nawo, ndipo ndinawaona ngati ntchito.

"Akuoneka bwino," ndinatero. "Anenepa."

Amayi anandiyang'ana mmene ankandiyang'anira tsiku limene ndinafika ndi sutikesi kuchokera ku koleji n'kunena kuti tatsekera msanga.

Mwini sitolo anali atasamuka. Ndinamusaka ku Balaka konse, n'kumupeza akugulitsa matayala a njinga. Kalata inatenga milungu itatu. Pachipata bambo uja anaiwerenga, n'kundibwezera kamera osanena zambiri, kupatula kuti ndikawapatse moni amayi. Ku Liwonde ndinatsukitsa chithunzi chimodzi chachikulu. Ndili m'minibasi ndinachitulutsa m'envulopu. Chipsera chinalipo, chooneka bwinobwino, pakati penipeni pa chibwano.

Pakhomo ndinapeza mphasa zitayalidwa panja, ndipo azimayi a m'mudzi anali atakhala mozungulira. Uthenga unali utafika m'mawa umenewo: amayi aakulu anatisiya Lachinayi m'mawa, ndipo madzulo ake anali ataikidwa kale, monga mwa Chisilamu.

Ndinadikira mpaka anthu atabalalika. Kenako ndinagwada pafupi ndi amayi n'kuwapatsa envulopu. Anaigwira, anaipapasa m'mbali, koma sanaitsegule.

"Unajambula tsiku liti?"

"Akadali moyo, amayi. Anavala mpango wobiriwira."

"Tsiku limenelo chinali chithunzi cha munthu," anatero. "Lero ndi cha maliro. Ine ndinakutuma cha wamoyo."

Anandibwezera envulopuyo, n'kundipempha kuti ndiwagwire mkono alowe m'nyumba.