Bulugama wa pa kasupe

Ndinakwatira m'munsi mwa phiri la Zomba, kwawo kwa akazi anga, pamene msewu umayamba kukhotakhota pokwera. Ndine mkamwini, ndipo mkamwini amene anagwirako ntchito mu ofesi m'tauni amadwala nthenda imodzi: kufuna kuoneka wodziwa. Nthendayi ine inandigwira, osati pang'ono.

Kumtunda kwa nyumba yathu kuli kasupe. Madzi ake amatuluka pansi pa mwala n'kutsata kangalande mpaka padimba la akazi anga. Padimbapo amalima sitiroberi, zimene amakagulitsa m'mbali mwa msewu kwa anthu okwera phiri pagalimoto. Nditapuma pantchito, dimba limeneli ndi limene linkatidyetsa, ngakhale kuti pagulu sindinkavomera.

Ndikubwera kumene m'mudzimu, phiri linkadzuka litafunda nkhungu, ndipo madzi a pakasupe ankaluma zala. Chizimalupsa, kamvula koyamba kozimitsa malo opserera, kankabwera pa nthawi yake. Kenako zinthu zinayamba kusokonekera. Kutentha kwa Okutobala kunakwera mpaka kwathu kuno, kumene kale bulangete silinkachoka pabedi. Udzudzu, umene tinkati ndi wa anthu a ku Chilwa, unatipeza. Mvula inkachedwa, ndipo ikabwera inkagwa yonse tsiku limodzi, n'kukokolola nthaka kupita nayo kutauni. Kasupe uja anayamba kufooka.

Pawailesi ankati dziko lonse likutentha chifukwa cha utsi wa mafakitale ndi magalimoto, komanso kudula mitengo. Za mafakitale a kunjazo zinkandipsetsa mtima, poti pakhomo pathu ngakhale njinga yamoto palibe, koma tikupsa nawo limodzi. Za mitengo zokha sindikanaloza munthu chala. Mikuyu ndi katope zimene zinazungulira kasupe ndinadula ndine, powotchera njerwa za nyumba yathu.

Choncho ndinaganiza zobweza. Ndinatsikira kumsika n'kugula mbande za bulugama, mtengo wokula msanga ndi wowongoka bwino, woti munthu akaona adziwe kuti pano pali bambo. Akazi anga anandipeza ndikukumba mayenje kuzungulira mwala uja. Anaima, khasu lili paphewa.

"Abambo, bulugama ndi chidakwatu," anatero. "Ndiye inu mukumukhazika pafupi ndi mtsuko wa mowa?"

Ndinawayankha kuti mtengo ndi mtengo, ndipo a pawailesi sanatchule mtundu. Ndinawonjezeranso mawu ena a Chingerezi amene sankafunika n'komwe. Iwo anangoti chabwino, opita kusukulu ndinu, n'kutsetserekera kudimba kwawo.

Bulugama sanandikhumudwitse. M'zaka zochepa chabe anali atapitirira denga la nyumba. Alendo akabwera ndinkawatengera kumeneko asanamwe ndi madzi omwe. Ndinkalimirira pansi pake mwezi ndi mwezi, kusadza tchire lililonse lofuna kumera. Kasupe akamachepa ndinkati ndi dzuwa, ndipo mbali ina zinali zoona. Koma chaka china, Okutobala ali pakati, ngalande inauma gwa.

Sitiroberi sizipirira ludzu. Masamba anayamba kupsa m'mbali, zipatso n'kumatuluka tating'ono ngati nandolo. Akazi anga anayamba kukatunga madzi kumtsinje, kumunsi kwenikweni, n'kumakwera nawo chitunda ndowa ili pamutu, m'mawa ndi madzulo. Sanandikalipire. Akanandikalipira bwenzi ndili ndi poyambira kudziteteza.

Tsiku lina madzulo ndikuchokera kutauni ndinawapeza panjira, atatula ndowa, atatsamira mwala, akusisita bondo. Atandiona anadzuka msangamsanga ngati munthu wogwidwa akuba, n'kuyamba kudzisenza. Ndinachita manyazi amene sindinachitepo chibadwire. Mayi wa ana anga, imvi zili mbuu, akubisa kutopa kuti mwamuna wake asanyozeke. Paja amati wosamva anamva nkhwangwa ili m'mutu. Ndinawalanda ndowayo n'kukwera nayo ndekha, madzi akutayikira m'malaya.

M'mawa mwake ndinanola nkhwangwa. Kudula mitengo imene wakhala ukudzitamandira nayo, mudzi wonse ukuona, si ntchito yophweka. Alamu anga, achimwene awo a akazi anga, anaima pamsewu n'kufunsa ngati a pawailesi aja asintha mawu. Ine ndinangopitiriza kutema. Bulugamanso ndi wamakani ngati amene anamubzala: ukadula, chitsa chimaphukanso. Ndinatha miyezi ndikuthyola mphukira ndi kuzula zitsa.

Ndikufuna kutsikiranso kumsika kukagula mbande zina, akazi anga anandiletsa. Ananditengera kuseri kwa mwala n'kundionetsa zitsa zakale za mkuyu ndi katope, zomwe zija ndinadula pa nthawi ya njerwa. Sizinafe. Tchire limene ndinkasadza mwezi ndi mwezi linali mphukira zake, zikuyesa kubwerera. Anandiphunzitsa kusiya mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu pachitsa chilichonse, zinazo n'kuchotsa, komanso kulambula kuzungulira malowo kuti moto wa osaka mbewa usafike. Ulendo uno sindinayankhe Chingerezi.

Chaka choyamba kasupe anauma ndithu. Chachiwiri chimodzimodzi, ndipo mtima wanga unayamba kugwa. Ndowa tinkasinthana, ine m'mawa, iwo madzulo. Koma mphukira zinkakula mofulumira, poti mizu yake inali yakale, yozama. Masamba ankagwa n'kuphimba nthaka, ndipo mvula yamkuntho ikagwa madzi ankalowa pansi m'malo mothamanga. Anzathu awiri a kumtunda, ataona, anayamba kusunga zitsa za m'minda mwawo. Alamu anga omwe aja anabwera kudzafunsa kuti pachitsa amasiya mphukira zingati.

Sindinganame kuti kunja kwazizira. Kukutenthabe, mvula ikuchitabe zofuna zake, ndipo utsi wa kutali sindingathe kuuzimitsa. Koma Okutobala wathayu, dzuwa lili pamutu, akazi anga anandiitana ndili pakhonde.

"Abambo, tengani khasu. Ngalande yatsekeka ndi masamba."

Ndinakwera ndikudandaula kuti ngalande youma ilibe ntchito yoipalira. Nditafika ndinapeza pansi pa mwala pali chithaphwi, mumthunzi wa timikuyu tija. Ndinakokera masamba pambali, madzi n'kuyamba kuyenda, ochepa ngati a m'ketulo. Tinawatsatira pambuyo awirife, pang'onopang'ono, mpaka anafika pamzere woyamba wa sitiroberi.

Akazi anga anatenga ndowa ija, n'kuivundikira pansi, n'kukhalapo.