Mita ya Manambala Ofiira

Bambo anga amakonza masikelo a magetsi, aja mavenda a ku Mgona amayezera mtedza ndi soya. Chaka chimene ndikunenachi maso awo anali atayamba kuchita ng'ala. Tonse kunyumba tinkadziwa, koma ndani akanayerekeza kutchula? Munthu wakumpoto, mkulu wa mpingo, wamakani ngati chitsa. Kamita kawo ka m'manja sankakaonanso bwino, ndipo masikelo ena anayamba kubwezedwa. Mavenda akangoti mkulu uja watha, ndiye kuti ntchito yatheranso pomwepo.

Iwo ankaimba mlandu kamitako. Anati sikagwira timagetsi tochepetsetsa totuluka m'kati mwa sikelo, pakufunika mita yaikulu ya patebulo. Yatsopano sitikanaifikira n'komwe. Anagulitsa njinga, n'kundiuza kuti ndiwaperekeze ku Biwi ndikawanyamulire.

Wogulitsayo anali bambo wachisilamu wochokera ku Mangochi, wa ndevu za imvi, wosathamanga polankhula. Mushopu mwake munali zida zakale zobwera m'makontena. Anatulutsa mamita awiri. Ina inali yosalala, yooneka yatsopano, manambala ake ambirimbiri koma ang'onoang'ono, otuwa. Inayo inali chimphona chokalikakalika, chogwirira chothyoka, manambala ochepa koma akuluakulu, ofiira ngati makala. Anayatsa onse awiri, natipatsa mpando, nati zida zotere sizinena zoona zisanatenthe. Tinadikira.

Mtima wa bambo unali pa yosalalayo, ndipo ndalama ya njinga inkangokwanira ndendende. Anagunditsa timawaya pa batire, n'kuwerama mpaka mphuno kutsala pang'ono kukhudza galasi. Kenako anadzuka, nati manja awo atanganidwa, ndiwawerengere ine. Ndinawerenga. Wogulitsa uja sanayang'ane mita, anayang'ana bambo.

Basi anayamba kunyoza katundu wake yemwe. Anati yosalalayo ndi yabwino ndithu, koma ndi yosalimba pa magetsi ozimazima a kwathu kuno, ndipo ikapsa zipangizo zake sizipezeka. Chimphonacho, anati, wachitsegula yekha, wachiyerekeza ndi mita yake yomwe amaidalira, ndipo pa ntchito ya masikelo n'chokwanira. Chinalinso chotsika mtengo.

Ine magazi anawira. Ndinaganiza kuti akutiona ngati amphawi, kapena yabwinoyo wasungira wina wa thumba lonona. Pakamwa panga sipachedwa, ndinayamba kale kuti bambo inu musatipusitse, koma bambo anandigwira dzanja.

"Tayesani iyi, achimwene," anatero wogulitsayo, akusuntha chimphonacho. "Mundiuze ngati ikugwirizana ndi inzake."

Bambo anagunditsa timawaya. Ali chiimire, osawerama, anatchula manambala onse mokweza, imodziimodzi, ngati akuwerenga vesi kutchalitchi. Ndinali ndisanawamve akuwerenga chinthu okha kwa miyezi.

Anakambirana za mafyuzi, za fumbi la mtedza, za kuiphimba ndi nsalu. Za maso palibe anatchula. Mpaka lero ndimamulemekeza munthu ameneyo. Anataya phindu lake, sananame ngakhale pamodzi, ndipo mkulu mnzake anatuluka mushopumo mutu uli m'mwamba.

Mu minibasi yopita kwathu ku 25 ndinaika chimphonacho pamiyendo, chikundiphwanya ntchafu. Titadutsa m'tauni, bambo anati mkulu uja waona. Ndinafuna kunamizira kusamva, ndinafunsa kuti waona chiyani. Anaseka pang'ono, nati ndisawachite mwana.

"Iyi ndigwira nayo ntchito, mama," anatero, dzanja lili pa mita. "Koma tsiku limene awanso ndidzayambe kuwaphonya, udzandiuze ndiwe. Ndisadzamve kwa mavenda."