Makutu Awiri Osagwirizana

Pamsika onse ankawatchula aKhutu, ndipo silinali dzina lachipongwe ayi. Kashopu kawo kanali kumapeto kwa mzere wa okonza mafoni: tebulo lopserera m'mbali, mawaya, guluu, ndi masipika ong'ambika ounjikana mpaka kudenga. Sipika ikabwera yosasa mawu, iwo ankaikweza mpaka malata kunjenjemera, n'kugunditsa khutu lamanzere pomwepo kufunafuna pamene ikulirira. Anagwira choncho kuyambira paunyamata. Oimba nawonso ankabweretsa magitala kuti awachunire, poti khutu lawo silinkanama.

Koma chimene ankanyadira kwambiri ndi mwana wawo wamkazi. Mtsikanayo kuimba kwake, eee! Ankaimba potsuka mbale, posita, ngakhale ali ndi chimfine, bambo ake n'kuiwala chimene agwira m'manja.

Kenaka anayamba kumva ngati mwanayo akuphonya.

"Iwe, watsika! Kweza pang'ono."

"Ndili pomwepo, ababa."

"Ukutsutsana ndi ine? Khutu ili ndi limene lakulera!"

Akakweza, akuti wapyola. Akatsitsa, akuti wagwa. Tsiku ndi tsiku nkhani yomweyo, mpaka mwana anasiya kwaya ya kusukulu. M'nyumba munangotsala phokoso la mbale.

Zoona zake zinabwera ndi woimba wina amene anabweza gitala ali wolusa.

"Madala, mwachuna chiyani apa? Anzanga andiseka!"

Anatulutsa foni yoyezera mawu, ndipo nsambo zonse zinapezeka zophonya. Munthuyo atachoka, aKhutu anakhwacha nsambo imodzi natseka khutu lamanja ndi chala. Liwu linakwera. Anatseka lamanzere, liwu lomwelo linatsika. Kalanga ine! Makutu awiri pamutu umodzi, koma osamvana ngati anansi olimbirana malire. Atathamangira kuchipatala, dokotala anawayeza n'kupukusa mutu: zamkati zinatha kalekale ndi phokoso, mankhwala palibe.

Atabwerako, aKhutu anatseka shopu dzuwa likadali pamutu. Kunyumba anapeza mwana wawo akuyanika zovala.

"Mwana wanga, wolakwa sunali iwe. Ndi makutu angawa. Tandiimbirako."

Mtsikanayo anakana kaye. Kenaka anayamba motsitsa, mwamantha, maso ali pankhope ya bambo ake. Iwo anayesetsa, Mulungu ndi mboni, anayesetsa kumwetulira. Koma m'mutu mwawo munkalowa atsikana awiri, wina pamwamba wina pansi, mawu akukandana mpaka mano kuyabwa. Liwu limene ankalikonda kuposa chilichonse linali litawathawa mwini wake ali pomwepo. Nkhope inakwinyika yokha.

Mwanayo anaona. Anadula nyimbo pakati natola beseni.

"Musadzivutitse, ababa," anatero akulowa m'nyumba. "Ndinazolowera kale kukhala chete."