Chaka cha Mayi Chinali Pansi pa Chishalo

Mpaka lero ndikamva fungo la ndimu lofinyidwa pa chitsulo chadzimbiri, mtima umabwerera kwathu kwa Mlolo, chilimwe chimene ndinali mu sitandade faifi. Inali nyengo yothyola thonje. Mphepo inkawomba yotentha, timaulusi ta thonje tikuuluka mpaka kugwera m'madzi akumwa, ndipo pakhonde pathu panagona njinga ya malemu agogo aamuna, matayala ali m'mwamba.

Njingayo inakhala yopachikidwa kudenga chimwalirireni agogo, kuopa madzi osefukira. Sinkafanana ndi njinga za kwathu zonyamula makala ndi nsomba. Inali yowonda, yopanda keliyala, matayala ang'ono ngati chala, chiwongolero chopindikira pansi ngati nyanga za nkhosa. Anafe tinkaitcha Chiwala.

Amene anaitsitsa anali atsibweni a Zuze, mlongo wawo wa mayi, amene ankapalasa kabaza. Ankafuna kuidula felemu kuti akawotcherere keliyala wamkulu pa njinga yawo. Mayi atamva anasiya kusinja mumtondo.

"Achimwene, chaka changa chili m'menemo," anatero.

Mayi sankadziwa chaka chimene anabadwa. Anabadwira kutsidya, ku Mozambique, ndipo pothawa nkhondo anawoloka Shire pa mwadiya wopanda kapepala kalikonse, njingayo ataigoneka pamiyendo pawo. Kulikonse kumene ankafunsidwa zaka, wofunsayo ankangowayang'ana kumaso n'kulemba zimene waganiza. Chimene ankadziwa n'chimodzi, chimene agogo ankawauza: anabadwa chaka chimene iwo anagula njingayo.

"Achemwali, njinga silankhula," atsibweni anayankha. "Ndikamaliza kuthyola thonje, ikupita kowotcherera."

Ine, pakamwa panga posatsekapo, ndinalumphira nkhani ya akuluakulu n'kunena kuti ilankhula basi. Anandiyang'ana diso loti mwana iwe udzaona, koma sanandiletse. Kuyambira tsikulo sindinkakhazikika. M'mawa uliwonse ndinkasuzumira m'munda mwa atsibweni, n'kuona mizere yoyera ikuchepa.

Ndikaweruka kusukulu ndinkathyola mandimu kuseri kwa nyumba, kutapa phulusa, n'kuyamba kukwecha ndi chiguduli. Zala zinkanyereza, dzimbiri likuyenderera lofiira mpaka m'zigongono. Tsiku lina kutsogolo kwa felemu, pansi pa chiwongolero, panayamba kunyezimira. Kanali kachizindikiro kamkuwa, nyenyezi yokhala ndi mapiko, ndi timalemba tachilendo pansi pake. Ndinakuwa mpaka nkhuku zinabalalika!

Mawa lake ndinaikankha Chiwala, matayala akuphwa akulira kwakwata kwakwata, mpaka kwa a Fulansiku, mkulu wokonza njinga pansi pa mtengo wa nimu pamsika. Anali Msena, nawonso ochokera kutsidya. Atangoiona anataya sipanala.

"Pyadidi, zabwino zedi! Mwana iwe, waitenga kuti imeneyi?"

Anaizungulira, kuigogoda ndi chikhadabo, kuinyamula ndi zala ziwiri kuti ndione kupepuka kwake. Anati imeneyi ndi ya mpikisano, yopangidwa kwawo kwa Apwitikizi, ndipo anaizindikira ndi nyenyeziyo komanso maluwa osemedwa molumikizira mapaipi. Kenako anapukuta habu, chitsulo chapakati pa tayala lakumbuyo, ndi palafini, n'kundiitana kuti ndiwerame. Panali manambala awiri odindidwa pachitsulo. Anati chimenecho ndicho chaka chake.

Abale, ndinathamanga! Njinga ndinaisiya komweko, nsapato zili m'manja, manambala ndikuwaimba panjira kuti ndisaiwale. Ndinapeza mayi ndi atsibweni akutsendera thonje m'thumba, ndipo ndinatchula chakacho mpweya usanabwerere. Mayi anagwira pachifuwa. Atsibweni anawerengera pang'ono chamumtima, kenako anagwera pathumba ndi phwete.

"Ndiye kuti inu achemwali ndinu akulu kuposa mayi athu amene anakuberekani!"

Oyandikana nawo anaseka, ngakhale mayi anaseka nawo. Koma ndinawaona akutembenukira kuthumba msanga, n'kumatsendera thonje lomwe linali lotsenderedwa kale. Zinandipweteka kwambiri. M'munda mwa atsibweni munali mutatsala kachigawo kochepa chabe.

Nditabwerera kwa a Fulansiku ndili ndwii, iwo anadzimenya pamphumi. Anati manambala aja ndi chaka chimene njingayo inapangidwa. Agogo ayenera kuti anaigula kwa Mpwitikizi wina amene anali ataikwera kale zaka zambiri. Anakanda ndevu, kenako anandiloza.

"Chapa!"

"Ndachapa kale, agogo, onani zala zangazi," ndinayankha misozi ili pafupi.

Anaseka mpaka kutsokomola. Sankanena zochapa ayi. Anandifotokozera kuti kutsidya, nthawi ya Apwitikizi, mwini njinga aliyense ankakhoma msonkho chaka ndi chaka, n'kupatsidwa kachitsulo kodindidwa chaka kokamangirira panjinga. Kachitsuloko ndiye chapa. Ambiri ankataya chakale akalandira chatsopano.

Koma agogo anga sankataya kanthu, ngakhale msomali wopindika. Ndinakumbukira chibuluma china chomangidwa ndi waya pansi pa chishalo, chimene ndinkachiyesa chisa cha mavu, n'kumachizemba pokwecha. Tinachidula n'kuchiviika m'chitini cha palafini ndi madzi a mandimu. Chitafewa, a Fulansiku analowetsa nsonga ya mpeni, ndipo chinayamba kusendeka kamodzikamodzi, tizitsulo topyapyala, kalikonse ndi chaka chake, zaka zikubwerera m'mbuyo motsatana bwinobwino. Anyamata a kabaza anaunjikana akuwerenga mokweza. Titafika pa kotsiriza, kapansi penipeni, ka chaka chimene agogo anagula njingayo, ine ndinkangodumphadumpha ngati pansi pakuotcha.

Ulendo uno sindinathamange. Ndinayenda kachitsuloko nditakafumbata ndi manja awiri. Atsibweni ankadziwa chaka chawo chifukwa anabatizidwa ali khanda, ndiye anafanizira, napeza kuti zikugwirizana ndi msinkhu umene mayi ankawabereka kumbuyo. Sanasekenso. Mayi anandiuza kuti ndiwawerengere chakacho, ndinawerenga. Anati ndibwerezenso. Kenako anachitchula okha pang'onopang'ono, n'kumanga kachitsuloko pamfundo ya chitenje chawo.

Thonje linatha, koma Chiwala sinapite kowotcherera. Atsibweni omwewo ndiwo anakaisakira machubu, n'kukhala oyamba kuikwera, matako m'mwamba mutu pansi, mudzi wonse ukufa ndi kuseka. Ine ndinaphunzirira pomwepo kupalasa, mwendo nditalowetsa pansi pa mpaipi, ndipo zipsera za m'mawondo ndikadali nazo.

Nthawi imeneyo ndinkati ndapulumutsa njinga, ndipo ndinkayenda chifuwa patsogolo chilimwe chonsecho. Zinazo ndinadzazimvetsa mochedwa, mayi atatisiya, pamene mmisiri wolemba mtanda anandifunsa zoti alembe. Kumanda kwathu mitanda yambiri ya anthu amene anawoloka Shire masiku amenewo ili ndi chaka chimodzi chokha, chomwalirira. Pa mtanda wa mayi anga tinalembapo ziwiri.